Mutu Ukakula Sulewa Nkhonya



Lamulungu lapitali, Misa yachiwiri itatha, tidatsalira panja pa tchalitchi kudikira msonkhano wathu. Monga mwa chizolowezi chathu, za ulaliki sizidakhalitse pakamwa. Tidalowa m'nkhani za masewero, ndipo posakhalitsa tidagawikana pawiri pa funso ili: pakati pa Roy Jones Jr. ndi Evander Holyfield, akatswiri awiri a nkhonya a ku America, ndani adasiya mbiri yaikulu atakwera kukalowa m'gulu la anthu olemera kwambiri, lija amati heavyweight? Tidakangana mpaka nthawi ya msonkhano idapitirira. M'kati mwa sabatayi tazindikira kuti mkanganowo ukutikhudza ife eni kuposa m'mene tinkaganizira.

Kwa amene satsatira masewerowa, tifotokoze pang'ono. Anthu a nkhonya amaikidwa m'magulu malinga ndi kulemera kwa thupi, ndipo asadamenyane amayamba akwera pa sikelo. Munthu akasiya gulu lake n'kukwera kumtunda, chibakera chake chimene chinkagwetsa anzake chimayamba kuchepa mphamvu, pamene zibakera zomugwera iye zimalemera. N'chifukwa chake wopambana atakwera gulu amapatsidwa ulemu wapadera. Komabe odziwa bwino nkhonya sakhutira ndi lamba yekha. Amafunsanso kuti: kodi lambayo adamulanda kwa yani?

Roy Jones adali ndi luso loti anthu ankachita kugwira pakamwa. Adagonjetsa Bernard Hopkins mu 1993, pa mlingo wa makilogalamu 72 ndi theka, kenaka James Toney mu 1994, ndipo awiri onsewa adali akatswiri enieni. Pa 1 Malichi 2003 adakwera kukakumana ndi John Ruiz, amene adali ndi lamba wa bungwe la WBA. Jones ankalemera makilogalamu pafupifupi 88, Ruiz pafupifupi 103, koma Jones adapambana mosavuta pa mapointi. Chichitikire cha Bob Fitzsimmons mu 1897, padali pasadaonekenso munthu amene adakhalapo ndi lamba wa middleweight wofika pamenepo. Koma m'chaka chimenecho aliyense ankadziwa kuti mfumu yeniyeni ya gululo adali Lennox Lewis, chimphona cha makilogalamu oposa 110. Jones sadakumane naye. Lamba uja sadamuteteze ngakhale kamodzi. Adatsikanso kubwerera ku gulu lake lakale, ndipo mu 2004 Antonio Tarver ndi Glen Johnson adamukomola motsatizana.

Ulendo wa Holyfield udali wina. Atasonkhanitsa malamba onse a cruiserweight mu 1988, adakwera n'kukhazikika komweko. Mu 1990 adagwetsa Buster Douglas mu raundi yachitatu, koma anthu adati Douglas adabwera wonenepa ndi wosakonzeka. Adagonjetsa George Foreman mu 1991 ndi Larry Holmes mu 1992, anthu n'kunena kuti akungomenya madala a zaka 42. Malamba adali nawo, ulemu ayi. Tsono mu Novembala 1992 adakumana ndi Riddick Bowe, mnyamata wamtali, wosagonjapo, womuposa ndi makilogalamu oposa 13. Mu raundi ya 10 Holyfield adatsala pang'ono kugwa, adadzandira, koma raundi isadathe ndiye amene ankabweza zibakera. Tsikulo adagonja, malamba onse adapita. Chodabwitsa n'chakuti ambiri amene ankamuderera adayamba kumulemekeza usiku womwewo. Chaka chotsatira adabwezera kwa Bowe, mu 1996 adagonjetsa Mike Tyson mu raundi ya 11, ndipo mu 1999 adaima kawiri pamaso pa Lewis yemwe uja: koyamba majaji adati afanana mphamvu, kachiwiri adagonja.

Anzathu a mbali ya Jones adali ndi mfundo imene inkaoneka yosagwedezeka. Adati Ruiz yemweyo adagonjetsa Holyfield mu 2001, ndipo Jones adagonjetsa Ruiz. Nanga pamenepa pali funsonso? Koma Holyfield wa 2001 adali wa zaka 38, thupi litatopa ndi nkhondo zonse zija. Dzina la munthu limakhala lomwelo pa pepala, pamene munthuyo wasintha. Adatinso Holyfield adagonja kakhumi m'moyo wake wa nkhonya. N'zoona ndithu. Koma tikawerenga maina a amene adamugonjetsa ali pa mphamvu zake, timapeza kuti adali anthu amene ena ankawazemba.

Sitikunena kuti Jones adali wamantha. Kulowa m'bwalo ndi munthu wokuposa ndi makilogalamu 15 si masewera a ana, ndipo mwina kupewa Lewis idali nzeru yoteteza moyo. Sitikuyamikiranso zonse za Holyfield, pakuti adakakamira nkhonya mpaka 2011, ali ndi zaka 48, pamene ambiri ankamudandaulira kuti apume. Mfundo yathu ndi imodzi: tikafunsa za gulu la heavyweight lokha, mbiri ya Holyfield ndi yolemera, chifukwa adakumana ndi amene adalipo, pamene Jones adakumana ndi amene adamusankha.

Apa ndi pamene nkhaniyi idatitembenukira. Ifenso tidakwera gulu. Tsiku limene Ambuye Episkopi adatidzoza mafuta a Krisima pa Sakramenti la Ulimbitso, tidasiya kukhala ana m'chikhulupiriro. Ena mwa ife tili pa ntchito, ena tili pa ubwenzi woyang'ana ku banja, ena tikulera abale athu ang'onoang'ono, ena tapatsidwa maudindo ku Mphakati. Makolo adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma tikadziyang'ana moona mtima, ambirife tidaphunzira luso losankha mdani wotikomera.

Taganizirani m'mene timapitira kokalapa. Timanyamula mndandanda womwe uja tidaloweza pokonzekera Ukaristia woyamba: ndidatukwana, sindidamvere makolo, ndidaiwala mapemphero a m'mawa. Timatuluka mtima uli mbee ngati tapambana. Koma tchimo lenileni, lija limatidikira usiku pa foni, lija lili m'buku la ndalama za kuntchito, lija la mtsikana kapena mnyamata amene tikumunamiza, timalisiya pakhomo, n'kulitenganso potuluka. Pa Lenti timasiya shuga mu tiyi masiku 40, ndipo timanyadira. Lamba tili naye, koma tamulanda kwa yani?

Tisaloze kutali. M'gulu lathu lomwe lino mudabuka kusamvana chaka chatha pa nkhani ya ndalama za ulendo wa kwaya. Kuyambira pamenepo alipo ena amene sapatsana moni, ndipo pa nthawi yopatsana mtendere pa Misa amaonetsetsa kuti akhala mabenchi otalikirana. Tonse tikudziwa, tonse takhala chete. M'miyezi yomweyi tasesa pa tchalitchi, tayendera odwala kuchipatala, tapambana mpikisano wa mafunso a Baibulo. Zonsezi n'zabwino, ndipo tisazisiye. Koma izi ndi nkhondo zimene tidadziwa kale kuti tipambana. Imene tikuizemba ndi ya mawu awiri okha: ndidalakwa, ndikhululukireni.

Paulo Woyera, m'mutu 9 wa kalata yake yoyamba kwa Akorinto, anthu odziwa bwino mipikisano ya masewero, adadzifanizira ndi munthu wa nkhonya amene sataya zibakera zake pachabe, ndipo mdani amene ankalimbana naye lidali thupi lake lomwe. Tikumbukirenso Yakobe. Adakhala zaka 20 kutali ndi mkulu wake Esau amene adamuchenjerera, ndipo kumeneko adalemera, adapeza banja ndi ziweto zambiri. Aliyense akadati munthuyu wapambana. Koma usiku woti mawa akumana ndi Esau, pa mtsinje wa Yaboki, adalimbana mpaka mbandakucha ndi wina womuposa mphamvu. Adachokapo akutsimphina, komanso ali ndi dalitso ndi dzina latsopano. Kutacha adapita kukagwada pamaso pa mbale wake, ndipo Esau adamukumbatira.

Tisamve molakwa, abale ndi alongo. Mpingo sutiphunzitsa kukaputa mayesero kuti tionetse mphamvu. Malo otigwetsa m'machimo tiyenera kuwathawa. Mdani amene tikunena pano sitichita kumufunafuna. Ali kale m'bwalo, amatidziwa dzina, ndipo aliyense wa ife pamene akuwerenga mawu ano wamukumbukira. Mwina ulendo woyamba tidzagonja. Mwina amene tikukamupepesa adzatitembenukira nkhongo. Mwina chizolowezi chimene taulula kwa Bambo Mfumu chidzatigwetsanso mwezi usadathe. Holyfield adagonja kwa Bowe, n'kubweranso patatha chaka. Ife tili ndi mwayi woposa pamenepo, pakuti Khristu, amene sadazembe mtanda ngakhale adautuluka thukuta la magazi ku Getsemani, amatidzutsa nthawi zonse tikabwerera kwa Iye.

Choncho sabata ino tiyeni tichite chinthu chimodzi. Aliyense atchule mumtima, pamaso pa Mulungu, dzina la nkhondo imene wakhala akuizemba. Loweruka masana kuli kulapa. Tipite ndi chimenecho poyamba, zing'onozing'ono zibwere pambuyo. Ndipo Lamulungu likudzali, pa msonkhano wathu, nkhani ya ndalama za kwaya ikhale yoyamba kukambidwa, tisadatsegule ina iliyonse.

Ambuye Yesu, Inu mukudziwa kuchepa kwa mphamvu zathu. Tipatseni Mzimu wanu wa kulimba mtima, kuti tileke kudzitama ndi zipambano zosavuta, tiime pamene mwatiika. Amayi Maria, mutipempherere. Amen.