Chinafa ndi chingwe, laputopu inali yamoyo

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, ya lero ndi nkhani ya chingwe cha chaja.

Laputopu yanga ndinaigula kwa mnzanga tili pa maphunziro a uphunzitsi, ndipo inali yakale ngakhale nthawi imeneyo. Batire yake inatha mphamvu, moti imayaka pokhapokha ili pa magetsi. Mkati mwake munali manota a ana anga a kalasi yachitatu, mayeso amene ndakhala ndikukonza kwa zaka zinayi, ndi nthano zimene ndinalemba agogo a kwathu ku Angónia akundifotokozera. Zonsezi sindinazisunge pena paliponse. Pamenepo wolakwa ndine.

Chingwecho ndinachiwononganso ndekha. Ndinkachikulunga mothina poika m'chikwama, mpaka waya anayamba kuduka mkati, pakhosi pa kamutu kolowa m'laputopu. Kwa miyezi ingapo ndinkachitsamiritsa pa dikishonale ya Chipwitikizi kuti chipindikire mbali imene chinkagwira. Mwana akangogunda tebulo, zonse thii! Chinasiyiratu Lachiwiri, pauta ya trimestre yachiwiri ikufunika kwa adiretori Lachisanu.

Aneba anga anati tingolumikiza ku batire yawo ya sola. Ndinatembenuza chaja n'kuwerenga timalemba ta kunsi kwake, timene chigulireni ndinali ndisanatiyang'anepo: 19V, 3.42A. Batire ya sola ndi ya mavoti 12, ndiye nzeru imeneyo inathera pomwepo. Koma kanyali ka pa bokosi lakuda lija, limene limatsitsa magetsi a pakhoma a mavoti 220 kufika pa 19, kankayakabe. Chosowa chinali kamutu kokha.

Timitu timeneti timanamiza maso. Kanga ndi ka mamilimita 5.5 kunja, bowo lake 2.5. Kalipo kena kofanana nako ndendende, koma bowo lake ndi 2.1 ndipo sikalowa. Malaputopu ena a HP ndi Dell ali ndi kamutu kakakulu, ka 7.4, kokhala ndi kasingano pakati, ndipo chingwe chake chili ndi waya wachitatu wodziwitsa makinawo mtundu wa chaja. Mwamwayi mphunzitsi mnzanga anali ndi chaja yopsa ya kamutu kofanana ndi kanga.

Usiku ndinadula zingwe zonse ziwiri ndi lumo. Changa chinali ndi waya mmodzi pakati, ndi tina ting'onoting'ono tomuzungulira. Cha mnzanga chinali ndi mawaya awiri ogundana, onse akuda, mmodzi ali ndi kamzere koyera. Ndinangopenekera, n'kupota, n'kumata tepi. Ndikuti ndilowetse, mayi a kunyumba anandifunsa kuti, "Kodi bambo, ikapsa, nthano za agogo zija mukazitenganso kwa ndani?" Agogowo anatisiya chaka chatha. Ndinaika chingwecho pansi.

Mawa lake nditaweruka ndinapita kumsika wa ku Ulónguè, kwa mnyamata wokonza mafoni. Anagunditsa timawaya ta mita yake, kofiira mkati mwa kamutu, kakuda kunja. Inaonetsa 19, koma kutsogolo kwake kuli kamzere kochotsera.

"Aphunzitsi, mwatembenuza. Mukanalowetsa chonchi mwina bwenzi tikulira maliro."

Anandionetsa kachizindikiro ka pa chaja yanga: kadontho pakati, kamzere kake kakuloza pa +. Ine amene ndimauza ana tsiku lililonse kuti aziyamba awerenga funso asanayankhe, ndinachita manyazi.

Anamasula zonse ndinapota zija. Ananenanso kuti mawaya ongopota amatentha akamadutsa magetsi ambiri chonchi, choncho anawotcherera ndi mtovu. Chimene ndinachikonda n'chakuti mfundo ziwirizo sanaziike pamodzi: waya wina anamudula wamfupi, wina wamtali, kuti ngakhale tepi itamatuka zisakhudzane. Pamwamba anakulungapo mphira wa chubu cha njinga kuti pakhosi pasapindikenso. Nditamufunsa za kutsegula bokosi lakuda lija anakaniza, akuti mkati mwake mumatsalira magetsi oopsa ngakhale mutazula pakhoma.

Tinalowetsa kamutu pomwepo, pa benchi lake, ndipo laputopu inayaka. Ndisanatsegule n'komwe pauta, ndinagula fulashi pa tebulo loyandikana nalo n'kukoperamo nthano zonse. Manota ndinamaliza Lachinayi usiku, ndipo dikishonale ija ndaibwezera m'kalasi.