Utoto Wosendeka

Ife a ku Chibavi, galimoto zathu zambiri ndi zogwirapo kale ntchito ku Japan, zoloŵera pa Songwe. Mtundu wake sitisankha kaŵirikaŵiri. Timalandira umene wafika. Tsopano ana athu akutiumiriza kusintha mtunduwo pakhomo pomwe ndi utoto wopopera wonga mphira, monga Plasti Dip wa ku America, umene poyamba unali wokutira zigwiriro za zipangizo. Ukatopa nawo umangousenda.

Sitikuŵaletsa, koma tapangana nawo zinthu zitatu. Choyamba, galimoto itsukidwe ndi kuuma bwino pa tsiku lopanda mvula ndi nkhungu, zimene sizisoŵa muno mu Mzuzu, ndipo apopere kasanu, kudikira kuti uume asanabwereze, pakuti wopyapyala umakanirira posenda. Chachiŵiri, mtundu wa galimoto unalembedwa mu Blue Book, choncho a Road Traffic adziŵitsidwe.

Chachitatu ndicho chachikulu. Utotowu suchiza dzimbiri; umangolibisa pamene likudyabe chitsulo. Tsiku logulitsa galimotoyo tidzausenda wogula akuona, kuti mwana wa mnzathu asadzatayire thukuta lake pa chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.