Sitelingi safa

Loweruka lina mu Juni, mayi ake a ana anatuma mwana wathu wachisamba kuchigayo pa Nsaru. Ali ndi zaka 11, ali sitandade 6. Panjinga si patali, koma mnyamatayu ananyamuka dzuwa lili paliwombo n'kubwera nkhuku zitalowa kale m'khola. Ufa anabwera nawo, chenji ayi.

"Magetsi anathima, Adadi. Kunali mzere."

"Nanga chenji?"

Anangoti ndwii, chala cha kuphazi chikukumba dothi. Mlongo wake wamng'ono, amene m'kamwa mwake simugona nkhani, ndiye anaulula: "Anali ku vidiyo ameneyu."

Ndinathyola shamu kuseri kwa bafa. Sikuti ndinapsa mtima ndi chenji chokha ayi. Ndimadziwa zimene zimaonetsedwa m'tinyumba timeneti. Masana amaika mafilimu omasuliridwa ndi ma DJ, ena mwa iwo pakamwa pawo m'posatseka, ndipo kukada m'malo ena amaika zolaula ana ali momwemo. Ndikudziwanso ana amene sukulu inawathera pa benchi ya vidiyo. Koma nditakweza dzanja, ndinaona kamnyamata kena kataima chimodzimodzi, kakukumba dothi ndi chala. Kamnyamatako ndinali ine, ku Namitete, mu 1997.

Inu amene mukuwerenga pafoni mwina simungamvetse. Nthawi imeneyo Malawi analibe wayilesi ya kanema yakeyake. TVM inadzayamba mu 1999, ndipo kumudzi kwathu tinkangoimvera kwa anthu ochokera kutauni. Kanema wathu anali kanyumba ka njerwa zosaotcha kumsika, cha m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, mawindo otseka ndi pepala lakuda la pulasitiki. Mkati munali mabenchi a matabwa osapala, deki, matepi, ndi ka TV kakang'ono kokhazika pamwamba pa makatoni. Kuseri jenereta ili kuguguda. Panja ankalemba ndi choko pa bolodi: Rambo, Van Damme, Chuck Norris, Bruce Lee. Munkanunkha thukuta, nzimbe ndi petulo. Tepi ikakodwa m'deki, mwini wake ankaitulutsa n'kuikulunga ndi chala, ife tili kukuwa kuti atibwezere ndalama zathu.

Chingerezi sitinkamva, komanso sitinkachifuna. Tinkangofunsa funso limodzi: sitelingi ndi uti? Ukamudziwa basi, mtima pansi, chifukwa lamulo linali lodziwika: sitelingi safa. Angamumenye, angamumange, angamuwombere, pamapeto adzuka.

Tsiku limene analemba Commando pa bolodi ndinalibe olo tambala. Ndinatapa mbale imodzi ya mtedza wa Chalimbana m'thumba la amayi, umene anasunga kuti ukhale mbewu, n'kukagulitsa kwa venda wa sikelo. Ndinamuona Arnold Schwarzenegger atasenza chipika cha mtengo paphewa ngati nzimbe, kenako n'kugwetsa gulu lonse la asilikali kuti akapulumutse mwana wake wamkazi. Madzulo ake ababa anandikwapula mpaka ndinagona chafufumimba. Sanandifunse kuti ndaonera chiyani. Ndipo ku vidiyo sindinasiye. Ndinangophunzira kubisa bwino.

Komatu ababa omwewo ndi amene anandionetsa kanema koyamba. Ndili wamng'ono kwambiri, kunabwera anthu a mpingo ndi galimoto, anamanga chinsalu choyera pabwalo la sukulu. Mudzi wonse unakhamukira kumeneko, ena ndi mphasa, ena ndi mipando ya ndalema. Inali filimu ya Yesu ija ya 1979, imene anaitenga mu Uthenga Wabwino wa Luka. Chimene chinatizunguza mutu n'choti Yesu ankalankhula Chichewa. Ine sindinkaona kanthu chifukwa cha mitu ya akuluakulu, ndiye ababa anandinyamula n'kundikhazika pamapewa. Pokhomedwa misomali amayi ena analira mokweza ngati pamaliro, agogo ena mpaka anatukwana asilikali achiroma. Za filimuyo ndaiwala zambiri. Chimene ndikukumbukira ndi manja a ababa atagwira akakolo anga, ndi fungo la fodya wa bale pa malaya awo.

Shamu ija ndinaiponya pamoto. Ndinamuuza mnyamata kuti chenji abweza pothirira kudimba mlungu wonse, ndipo Loweruka linalo filimu tionera pakhomo, tonse.

Tili ndi ka TV ka sola kamene tinagula titagulitsa soya. Ndinapita kwa anyamata obena nyimbo ndi mafilimu pa Nsaru, ndinawauza kuti ndikufuna yoonera ndi ana, yosamasulira DJ. Anandiikira pa fulashi The Boy Who Harnessed the Wind, ija inatuluka pa Netflix mu 2019. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene anachotsedwa sukulu chifukwa cha fizi, n'kumakawerenga yekha mabuku a ku laibulale mpaka anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Anaijambula ku Kasungu komweko, ndipo mbali yaikulu amalankhula Chichewa.

Tinayala mphasa, mayi awo anakazinga chimanga, ana a pa nebala atatu anabwera osaitanidwa. Poyamba kunali kuseka kokhakokha. Chiwetel Ejiofor, amene anatsogolera filimuyi komanso ndiye bambo ake a William mmenemo, si Mmalawi, ndiye Chichewa chake chimatuluka ngati akutafuna mbatata yotentha. Ana ankamuyeserera mpaka kugubuduka. Mnyamata wanga anafunsa, "Sitelingi ndi uti, Adadi? Mulibe mfuti umu?" Ndinati adikire.

Kenako njala inalowa m'filimu, kuseka kunatha. Anthu akulimbirana chimanga pa depoti. Banja likudya kamodzi patsiku. Galu wa William, Khamba, atafa, mwana wanga wamkazi anabisa nkhope m'chitenje cha mayi ake. Ine pakhosi panandiuma, chifukwa njala imeneyo si ya m'filimu. Ndi ya 2001 mpaka 2002, ija boma linachita kulengeza mu Febuluwale 2002 kuti dziko lili pa ngozi. Ndinali fomu 1.

"Adadi, inunso inakupezani njala imeneyi?"

Zaka zonsezi ndinali ndisanawauzepo. Kwathu za chaka chimenecho sitikamba, timangoti "nthawi ya njala ija" n'kusintha nkhani. Koma usiku umenewo ndinaimitsa filimu n'kuwauza. Ndinawauza za nsima ya gaga, za zitsa za nthochi zimene amayi ankasinja, za maungu amene tinkathyola asanakhwime. Za mbuzi zimene zinkagulidwa pa mtengo wa nkhuku. Za maliro amene ankachitika popanda kuphika, anthu ochepa okha opita kumanda chifukwa ambiri analibe mphamvu zoyendera.

M'filimu muja William amapempha njinga ya bambo ake kuti aidule apangire makina, bambo n'kuyamba akana. Pamenepo ndinawauza za njinga ya agogo awo. Inali ya kapalasa, yakuda, imene ababa ankaipukuta Lamulungu lililonse, ndipo palibe mwana ankaloledwa kuikhudza. Tsiku lina anapita nayo kumsika wa Msundwe, anabwerako wapansi atasenza kathumba ka chimanga kosadzaza n'komwe. Sananene kanthu. Tikamadya ankati iwo adya kale kumene anali. Zinanditengera zaka kuti ndizindikire kuti kumene ankapitako kunalibe chakudya.

"Ndiye agogo anali sitelingi," anatero mnyamata wanga.

Ndinati eya, koma sitelingi wa kuno amafa. Ababa anamwalira patapita zaka zingapo, ana anga sanawaone. Munthu amene ndinkamuyesa mdani wa vidiyo, amene anandikwapula chifukwa cha mbale ya mtedza, ankadziwa chimene ine sindinkadziwa: kuti mbale ya mbewu ndi mizere ingapo ya kumunda. Analakwa posandifunsa chimene chinkandikoka kumeneko. Inenso ndinatsala pang'ono kulakwa chimodzimodzi, shamu ili m'manja.

Filimu itatha, madzi atatuluka m'chitsime muja, ana anaombera m'manja ngati ali ku mpira. Mmawa mwake ndinapeza mnyamata atamasula dayinamo ya njinga yanga, akuti akufuna kuona mkati. Apa ndiye tinakangana ndithu.

Tsopano Loweruka madzulo ndi la kanema pakhomo pathu. Taonera Fatsani, ya Gift Sukali, ya kamtsikana kogulitsa malonda mumsewu sukulu yake itatsekedwa. Mayi awo amafuna za ku Nigeria, ana amafuna makatuni ndi za kung fu, ndiye timasinthana. Mafilimu a Shemu Joyah, monga The Last Fishing Boat, ndawasungira akadzakulako pang'ono. Tsiku lina ndinawaonetsa Commando. Anati ndi yabodza kwambiri, munthu mmodzi sangaphe anthu onsewo zipolopolo osamuthera. Zinandiwawa kuposa shamu ya ababa.

Sindikudzinamiza kuti mnyamatayu anasiyiratu ku vidiyo. Anzake ali komweko, ndipo ineyo ndikudziwa kukoma kwa mdima uja, anthu makumi atatu kukuwira pamodzi sitelingi akadzuka. Chimene chasintha n'choti masiku ano akabwerako mochedwa ndimayamba ndafunsa kuti waonera chiyani, iye n'kuyamba kufotokoza ndi manja ndi miyendo yomwe. Akamaliza m'pamene timakambirana za chenji.