Mainchesi Asanu a Thabwa la Kumbuyo

Amayi anzanga, ine ndinakwatiwa kunyanja, kufupi ndi Senga Bay m'boma la Salima. Kwa zaka zambiri ntchito yanga pa boti la bambo a kunyumba inali kudikira pamchenga ndi beseni kuti ndilandire usipa. Za matabwa ndi injini ndinkati n'za amuna.

Boti lathu linakhomedwa ndi thabwa la kumbuyo la mainchesi 20, loyenera injini ya mwendo wautali. Injiniyo itafa, bambo anapeza ina yakale yotsika mtengo, koma ya mwendo waufupi, yofuna thabwa la mainchesi 15. Kuti pulopela ifike m'madzi, mmisiri anadula mainchesi asanu pakati pa thabwalo. Sindibisa, ndine ndinawalimbikitsa, pakuti ndalama yotsalayo inali ya sukulu ya mwana.

Tsono m'mwezi wa Juni, nthawi ya mwera, tinkachokera kumaliro ku Makanjira, kutsidya kwa nyanja. Amayi tonse anayi tinasunthira kumbuyo poopa kunyowa ndi madzi othovukira kutsogolo, osaganiza kuti kumbuyoko kunali kale injini, chigubu cha petulo ndi bambo amene ankawongolera. Mafunde ankatitsata kumsana. Titayandikira gombe, bambo anachepetsa moto mwadzidzidzi polewa ukonde wa eni ake, ndipo funde limene linkatilondola linakwera pamalo podulidwa paja ngati pakhomo lopanda chitseko.

Madzi oyambawo anangofika m'kakolo. Choopsa chake ndinachiona ndi maso: madziwo anathamangira kumbuyo kumene kunali kolemera, kumbuyoko kunatsikanso, motero funde lachiwiri linalowa mosavuta kuposa loyamba. Ife otunga madzi tikudziwa kulemera kwake. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, ndiye kuti ndowa zisanu n'chimodzimodzi matumba awiri a chimanga oponyedwa m'boti, matumba ake oyendayenda okha mbali iyi ndi iyo.

Pansi pa thabwalo pali kabowo kotseka ndi chitsekerero. Mlamu wanga, mwa mantha, anachigwira kuti azule.

"Alamu, siyani msanga! Mutimiza!" anakuwa bambo.

Kabowoko kamatulutsa madzi pokhapokha boti lili pamtunda, kapena likuthamanga kwambiri mutu uli m'mwamba. Likaima ndi katundu, kamakhala pansi pa madzi, ndipo kamalowetsa nyanja. Bambo anatilamula kukwawira kutsogolo mmodzimmodzi, iwo natembenuza boti kuti lilandire mafunde ndi mutu. Tinakapa madzi ndi chigubu chodula ndi poto amene ndinapita naye kumaliro, mpaka mikono kuuma. Palibe anaimba kapena kulira. Kunkangomveka khwaa, khwaa.

Sabata yomweyo ndinagulitsa mbuzi yanga. Mmisiri anakhoma thabwa lachiwiri patsogolo pa injini, lalitali kufanana ndi m'mbali mwa boti, nasiya ngati kabokosi kokhala ndi mabowo awiri otulukira kunja, pamwamba pa madzi. Funde likalowa podulidwa paja limathera m'kabokosimo ndi kubwerera kwawo. Mbuziyo inali ndi bere, ndipo mpaka lero mtima umandiwawabe nayo.

Mabowo awiriwo amatsekeka ndi mchenga ndi mamba a nsomba. Madzulo aliwonse, bambo asanakankhe boti, ndimapita ndi kamtengo kukawatokosa ndekha, anyamata a pagombe akundiseka.