Loweruka m'kanjira ka masaluni ku Ndirande

Dzuwa la Okutobala ku Ndirande silidikira kuti munthu amwe tiyi. Pofika 8 koloko malata anali atayamba kale kuthetheka, ine ndili m'kanjira kopanikizika pafupi ndi msika, ndikudumpha timitsinje ta thovu totuluka pansi pa zitseko za masaluni. Fungo la mankhwala owongolera tsitsi linkalimbana ndi la chipisi. Pamutu panga panali mesh ya masabata 9, ndipo m'minibasi ndinabwera ndikudzimenya timbama kumutu, monga timachitira amayi tikafuna kukanda osasokoneza maluko.

Saluni yomwe ndinalowa ndi kachipinda kamodzi: galasi long'aluka pakona, madiraya awiri, ndowa zitatu za madzi, ndi ketulo pambaula chifukwa magetsi anali atazima. Mwini wake atamasula mizere yoyamba anasiya, n'kupatula tsitsi ndi chipeso, n'kuwerama kuyang'ana khungu.

"Asisi, mutu uwu unalawa madzi liti?"

Ndinati tsiku lomwe ndinalukitsa. Anaseka mpaka anagwira pachifuwa, kenako anandionetsa chipeso. M'mano mwake munali phala lotuwa, la thukuta, fumbi ndi mafuta odzola. Ndinachita manyazi. Anandiuza kuti tsitsi loluka limatsukidwa lili choncho: shampu pang'ono m'botolo la madzi, kuthira m'mizere, kutikita ndi nsonga za zala osati zikhadabo, kutsukuluza, n'kuumitsa mpaka mkati kuti lisanunkhe chinyontho. Ndipo maluko asapitirire miyezi iwiri.

Chomwe mayiyu amachidziwa ndi manja, madokotala a khungu amachifotokoza chimodzimodzi. Khungu la kumutu limatulutsa mafuta akeake. Pa tsitsi lowongoka, ngati la Amwenye kapena Azungu, mafutawo amatsetsereka msanga mpaka kunsonga, n'chifukwa chake ambiri a iwo amatsuka tsiku lililonse kapena kudumphitsa tsiku limodzi. Lathuli n'lopotanapotana, mafuta amatsalira kutsinde, nsonga n'kumauma ndi kuthothoka. Bungwe la American Academy of Dermatology limalangiza kuti tsitsi la mtundu wathu lizitsukidwa kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri. Ine ndinali nditawerenga theka lokha la nkhaniyi, loti tisatsuke pafupipafupi, n'kulisandutsa chilolezo cha ulesi.

Pampando wapafupi panali mayi wodzawongoletsa tsitsi. Iyeyu anayamikiridwa chifukwa chosatsuka. Mankhwala aja ndi aukali, ndipo khungu lotsukidwa dzulo kapena lokandidwa limapsa msanga, n'kusiya zilonda. Nyumba imodzi, malamulo awiri.

Amene anandikhalitsa chete ndi mtsikana wina wa sekondale, mapewa a bulauzi yake ali mbuu ndi mfundu. Mayi ake ankadandaula kuti amudzoza mafuta m'mawa ndi madzulo koma sizikutha. Ambirife tinakula tikukhulupirira kuti mfundu ndi kuuma kwa mutu. Nthawi zambiri si choncho. Pakhungu pamakhala tizilombo ta mtundu wa yisiti totchedwa Malassezia, timene timadya mafuta a pakhungupo. Tikachuluka, khungu limayabwa n'kumasupuka. Kupachika mafuta ena pamwamba kumangomata mfunduzo, n'kuzibisa tsiku limodzi. Mutu wotere umafuna madzi kawirikawiri kuposa wanga. Shampu ya ketoconazole, yomwe imapezeka m'mafamase, nthawi zambiri imagwiritsidwa ntchito kawiri pa sabata kwa masabata awiri mpaka anayi, ndipo thovu lake liyenera kukhala pakhungu mphindi zitatu mpaka zisanu musanatsukuluze. Mayi wa saluni sanatchule Malassezia. Anangoti, "Amayi, botolo la mafutalo muyambe mwalibisa kaye."

Kunena zoona, pali chimodzi chomwe sindinagwirizane naye. Pakona ndinaona chidutswa cha sopo wochapira zovala, amene amatsukira makasitomala osafuna kulipira ya shampu. Sopo ameneyo amachotsa litsiro, inde, koma amakokolola mafuta onse, tsitsi n'kutsala ngati chisa cha mpheta. Agogo anga kumudzi ankafinya masamba a chewe m'madzi mpaka aterere ngati therere, ndipo mitu yathu inkatuluka yofewa kuposa pamenepa.

Mayi wa saluni atanditsuka mutu, podikira kuti tsitsi liume, poti diraya inali chete, ndinakhala pabenchi panja. Kutsidya kwa kanjirako kuli kometera, makina ake akulira ndi batire. Mnyamata wa kabaza anavula chisoti, mutu uli nyezinyezi ndi thukuta. Iyeyo akamasamba madzulo aliwonse amatsuka ndi mutu womwe, ndipo sakulakwa: tsitsi lake n'lalifupi, fumbi la msewu wa Chirimba limathera pakhungu, palibe nsonga zoti ziume.

Pambuyo pake panakhala kamnyamata ka zaka ngati 6, kumutu kuli timabwalo tiwiri totuwa topanda tsitsi. Bambo ake ankati mwanayo sakonda kusamba. Wometa anapukusa mutu, nati izo ndi zipere, apite naye kuchipatala. Ananena zoona. Zipere za kumutu zimalowa mpaka mumizu ya tsitsi, ndipo sopo kapena shampu payekha sazichotsa. Zimafuna mankhwala akumwa, monga griseofulvin, kwa masabata angapo. Zimayendanso pa zipeso, zipewa ndi makina ometera. Ndinamuyang'anitsitsa wometayo mpaka anapukuta makina ake ndi spiriti asanaitane wina.

Magetsi anayaka cha m'ma 11, masaluni onse n'kufuulira pamodzi. Tsitsi langa linali litauma kale ndi dzuwa. Ndinafuna kulukitsanso pompo, koma mayi uja anakana ndalama yanga, nati mutuwo upume kaye sabata imodzi, ndibwere Loweruka linalo nditatsuka.