Mau a Papa ndi Mlandu wa Kulera

Pali mlandu umene wakhala pakati pa Akatolika zaka zambiri, ndipo ife amene tiri m'mabanja tidziwa kulemera kwace. Ambiri ayesa kuti ndi mlandu wa mankhwala oletsa kubala okha. Koma ife tiona kuti muzu wace ndi funso ili: kodi mau a Papa atimanga kufikira pati?

M'caka ca 1930 aepiskopi a Angilikani, atasonkhana ku Lambeth, analola okwatirana kuletsa kubala pakakhala cifukwa cacikuru. Pakutha pa caka comweco Papa Pius XI anayankha ndi kalata yace Casti Connubii, nanena kuti kutero ndi ucimo waukuru. Mankhwala akumwa oletsa kubala atafika, Papa John XXIII anaika bungwe la anthu 6 m'caka ca 1963 kuti lifufuze nkhaniyi, ndipo Papa Paul VI analikuza, naikamo asing'anga ndi anthu a pabanja. M'caka ca 1966 ambiri a m'bungwemo anati ciphunzitso cisinthe. Ocepa anakana, poopa kuti kusintha kudzakhala kubvomera kuti Eklezia anasokeretsa ana ace, ndi kuti Angilikani ndiwo anaona coona.

Papa Paul VI anatsata ocepawo. Kalata yace Humanae Vitae, ya pa 25 July 1968, inaletsa mankhwala ndi zipangizo, nilola kulera kwa kuwerenga masiku a mkazi. Msonkhano Woyamba wa Vatican unanena mu 1870 kuti Papa salakwa pamene atsimikizira Eklezia yense ciphunzitso ca cikhulupiriro kapena ca makhalidwe ali pa mpando wa Petro. Koma Monsinyori Lambruschini, polengeza kalata yatsopanoyi ku Roma, anati siinalembedwa motero. Komabe Msonkhano Waciwiri wa Vatican unali utaphunzitsa mu 1964 kuti timvere Papa ndi mtima wodzicepetsa ngakhale pamene salankhula ndi mphamvu yonseyo. Aepiskopi a ku Germany ku Königstein, ndi a ku Canada ku Winnipeg, anakumbutsa nkhosa zao za ulemu wa cikumbumtima. Papa Paul VI sanalembanso kalata ya mtundu uwu kufikira imfa yace mu 1978.

Cimene citipweteka ife ndi cete amene anatsata mkanganowo. Mai wofoka ndi uchembere wa pafupipafupi acita cimene atha, nabisa kwa wansembe. Wansembe naye aopa kufunsa. Pamenepo ulamuliro sunamveredwa, cikumbumtima naco sicinaphunzitsidwa. Akuru anati, mau a akuru akoma akagonera, ndipo ife sitipeputsa mau a Papa. Koma anatinso, mutu umodzi susenza denga. Cifukwa cace tipempha abusa athu aphunzitse poyera zifukwa za lamuloli, namve misozi ya okwatirana. Ndipo ife a pabanja tiwerenge kalatayo tokha, tipemphere, tilankhule zoona pamaso pa Mulungu.