Za mphumu ya mwana ndi makapisozi aja

Wokondedwa mphwanga,

Amayi ako andiuza kuti chiyambireni mwera mwana akubanika usiku, ndipo bambo ake atumiza makapisozi a probiotic kuchokera ku Johannesburg, aja amati muli mabakiteriya abwino. Akuti ukuganiza zomusiyitsa inhela. Usayerekeze, mwana wanga.

Sikuti mabakiteriyawo ndikuwanyoza ayi. Mu 2016 ofufuza a ku America anayerekeza ana a magulu awiri a alimi, Amish ndi Hutterite, onse a makolo ochokera ku Ulaya. Mwa ana a Amish, okulira pafupi ndi makola a ng'ombe ndi mahatchi, 5 okha pa 100 alionse ndiwo anali ndi mphumu. Kwa anzawo olima ndi makina kutali ndi nyumba, anali 21. Fumbi la m'nyumba za Amish ataliyesa pa mbewa, linaziteteza ku mphumu. Tizilombo ta m'khola timaphunzitsa thupi kusapsa mtima ndi zinthu zosavulaza.

Koma magazi nawo ali ndi mawu. Nthendayi ili ku mtundu kwathu, agogo ako aakazi ankavutika nayo chisanu chilichonse. Mu 2007 asayansi anapeza malo pa chromosome 17 amene amachititsa ana ena kutenga mphumu mosavuta. Pambuyo pake ofufuza atatsatira makanda a m'mafamu a ku Ulaya, anaona kuti otengera chibadwa chimenechi ndiwo ankapindula kwambiri ndi mpweya wa m'makola, pamene ena sizinkawasintha kwenikweni. Tizilombo tomwe tomweto, wina tamuthandiza, wina ayi. Nanga wogulitsa makapisoziyo magazi a mwana wako anawaona kuti? Komanso chitetezo chimenechi chimazika mizu mwana akadali kumsana, nthenda isanayambe. Wakoyo ali nayo kale. Ndipo ochuluka mwa ana oyezedwawo ndi azungu, si a kunyanja kuno.

Chimene chili m'manja mwako ndi ichi. Inhela ya salbutamol imatsegula chifuwa akabanika. Ya beclometasone, ngati adokotala anakulembera, ndi ya tsiku ndi tsiku, ngakhale akusewera bwinobwino. Ambiri amaisiya mwana akangopeza bwino, n'chifukwa chake befu amabwerera. Ngati akulephera kukoka mankhwala, azaumoyo akusonyeze kupopera kudzera m'botolo la pulasitiki la 500 ml. Njirayi anaiyesa ku Cape Town ndipo imagwira ntchito.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi utsi. Ndikudziwa kuti geni ya nsomba ndiyo ikukudyetsani, sindinganene kuti uleke. Koma pamene mukuwamba utaka ndi kampango, mwanayo azikakhala kwa azakhali ake, ndipo mbaula isalowe m'chipinda chimene amagona.

Akamalephera kumaliza mawu, kapena nthiti zikamalowa mkati popuma, usadikire kuti kuche. Thamanga naye ku chipatala cha boma pa Mangochi, kapena ku Monkey Bay ngati muli kugombe. Makapisoziwo uwatenge ukapita kusikelo, ukawaonetse adokotala.

Ndine malume ako.